Funsani Dokotala: Akuti mbewu zanga n'zopindika, kodi mwana ndidzamuona?

Adokotala, ndine bambo wa zaka 36, ndimakhala ku Area 25. Tatha zaka 4 pabanja koma mphatso palibe. Mwezi watha ndinakayezetsa umuna, pepala likuti mbewu zoumbika bwino ndi 2 pa 100, zotsalazo n'zopindika. Komatu kuchipinda ndilibe vuto, gondolosi ndimatafuna, mapilisi a mphamvu ndimagula kudepoti. Ndamva kuti kunja amalowetsa mbewu m'dzira ndi makina. Zingandithandize? Nanga mwanayo sadzabadwa wolumala? Bambo wodandaula.

Bambo, funso lalikulu simunalilembe, koma ndalimva: mukufuna kudziwa ngati anzanu akunena zoona kuti munagwa mumpapaya. Ayi. Nambala ya 2 ija isakuthyoleni mtima. Mwamuna aliyense, ngakhale wa ana 8, mbewu zake zambiri zimakhala zoumbika molakwika, zina mutu waukulu, zina mchira wopindika. Muyeso wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO umati zabwino zikafika 4 pa 100, zakwana. Inu muli pansi pang'ono. Ngati mbewu zanu zili zambiri ndipo zikuyenda bwino, mimba ikhoza kubwera popanda makina alionse. Ndipo kupindika kwa mbewu sikutanthauza kuti mwana adzabadwa wolumala.

Tsono tikambe za gondolosiyo, chifukwa apa ndi pomwe abambo ambiri amatayira zaka. Mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi nkhani ziwiri zosiyana. Alipo amuna amene amagwira ntchito ya m'nyumba usiku uliwonse, umuna wochuluka ndithu, koma tikauika pa maikulosikopu simupezeka mbewu ngakhale imodzi. Umuna mumauona ndi maso uja ndi madzi onyamula mbewu chabe. Mbewuyo simungaione, ndipo kulimba kapena kuchuluka kwa madziwo sikukuuzani kanthu. Mapilisi a kudepoti amadzutsa thupi, sawongola mbewu. Oipitsitsa ndi majekeseni a mahomoni achimuna otchedwa testosterone: amauza thupi kuti lisiye kupanga mbewu, munthu n'kumadzimva wamphamvu pomwe nkhokwe ikutha. Ngati munabayitsapo, mukawauze adokotala osabisa.

Ndikudzudzuleni pang'ono. Banja likatha chaka chimodzi popanda mimba, onse awiri ayenera kuyezedwa. Inu mwadikira zaka 4, ndipo sindikukayika kuti nthawi yonseyi mayi akunyumba ndi amene amamwa zitsamba ndi kulozedwa chala ndi alamu awo. Chonsecho pafupifupi theka la mabanja osowa mwana, mbali ya abambo imakhalapo.

Za makinazo munamva zoona. Njira yosavuta ndi IUI: amatsuka umuna, kusankha mbewu zoyenda bwino, n'kuziika m'chiberekero pa masiku amene mayi akutulutsa dzira. Imene mukunena inu ndi ICSI, yomwe ana ake oyamba anabadwa mu 1992 ku Belgium. Mayi amabayidwa mankhwala okhwimitsa mazira angapo, mazirawo amatulutsidwa, katswiri n'kusankha mbewu imodzi yooneka bwino, kuibaya m'dzira ndi kasingano kopyapyala kuposa tsitsi. Pakapita masiku 3 mpaka 5 amabwezera m'chiberekero. Onani kuti ululu wambiri amaumva ndi mayi, ngakhale vuto lili kwa inu. Ndalama zake ndi mamiliyoni, ena amapitira ku Johannesburg kapena India, ndipo ambiri satenga mimba ulendo woyamba. Musagulitse puloti lero.

Pepala limodzi silitha mlandu. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, ndiye ngati munadwala malungo otentha thupi kwambiri miyezi iwiri musanayezetse, zotsatira zikhoza kukhala za malungowo. Mukayezetsenso pakatha miyezi 3. Musanapereke umuna mukhale masiku 2 mpaka 7 osakhala malo amodzi ndi mayi, ndipo ufike ku labu ola lisanathe. Pakadali pano fodya, chamba ndi mowa wambiri zisiyeni, laputopu isamakhale pamiyendo.

Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanu, akupatseni kalata yopita ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Mukapemphe kuti akupimeni machende, chifukwa mitsempha yotupa kumeneko imatenthetsa mbewu, ndipo opareshoni yaing'ono imakonza. Akayang'anenso matenda opatsirana pogonana amene mwina sanachizidwe bwino. Mayi nawo awaone machubu ndi msambo, makamaka ngati adutsa zaka 35, chifukwa pamenepo mazira sadikira munthu. Mupite nonse awiri, pepala lija m'manja, pamodzi ndi mapaketi a zonse mwakhala mukumwa.