Mapu a pafoni sadziwa kuti msewu uli bwanji lero

Bambo wina wandilembera imelo kuti mapu a pafoni anamudutsitsa msewu wa Golodi, wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, ali pa galimoto yaing'ono yapansi. Funso lake: kodi mapu amenewa n'kuwakhulupirira?

Bambo, funso lanu landikhudza, chifukwa ambiri timasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Kadontho kabuluu kosonyeza pamene muli kamachokera ku masetilaiti a GPS. Foni ikamamva masetilaiti osachepera 4 ili pamtetete, imalakwitsa ndi mamita ochepa chabe, ndipo sifuna ngakhale bandulo. Pamenepo palibe vuto lenileni. Vuto lili pa mzere umene mukuuzidwa kuti mutsate. Mzerewo anaujambula kuchokera pa zithunzi za m'mwamba ndi zimene anthu anatumiza, mwina zaka zapitazo. Kuchokera m'mwamba Golodi ndi njira yachidule basi. Miyala yake, kutsetsereka kwake ndi makona ake akuthwa pafupifupi 20, kompyuta siiwerengera monga amachitira dalaivala. N'chifukwa chake odziwa malowa amayamba afunsa za njira ya ku Njakwa, mbali ya Rumphi.

Nthawi yofikira ndiye musaimvere n'komwe. Mapu amayeza liwiro poona mmene mafoni a anthu ena akuyendera pamsewu womwewo. Mu Lilongwe ndi mu Blantyre mafoni ndi ambiri, ndiye nthawi imene mapu amapereka imayandikirako. Kumidzi amangoyerekeza. Ngakhale pa M1, sadziwa kuti muima mphindi zingati pa rodibuloko, pa zipata zolipirira za Chingeni ndi Kalinyeke, kapena pa Lizulu tsiku la msika.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi dzinja. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu Marichi 2023 anakokolola milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mlatho umapita usiku umodzi, koma mapu amasintha pokhapokha wina atanena. Ndikunenetsa: kutsata foni usiku, mvula ikugwa, pamsewu wafumbi umene simuudziwa, n'kuika moyo wa anthu amene mwanyamula pachiswe. Za m'tauni nazonso n'zina. Ma Area a ku Lilongwe sanasanjidwe motsatana manambala, ndipo sitolo imatha kusamuka chizindikiro chake cha pamapu n'kutsala pakale. Uzani amene mukukamuona akutumizireni pini yosonyeza malo pa WhatsApp ataima pageti penipeni.

Ndiye muzitani?

Musananyamuke, koperani mapu a dera lonselo pa Google Maps kuti azigwira popanda netiweki. Dziwani kuti mukatero simuona za kuchuluka kwa magalimoto. Tsegulani chithunzi cha setilaiti, muyandikitse, muone ngati msewuwo ndi wakuda wa tara kapena wofiira wa dothi, makamaka powolokera mitsinje. Ikaninso OsmAnd, pulogalamu ina ya mapu ya pafoni, yomwe imatenga mapu ku OpenStreetMap (mapu ojambulidwa ndi anthu odzipereka) ndipo ili ndi posankha kupewa misewu yopanda tara. Google Maps imangopewetsa zipata zolipirira, misewu ikuluikulu ndi zombo zowolotsa. Mapu awiriwa akasiyana, imani pa siteji mufunse oyendetsa minibasi kapena akabaza, ndipo funso likhale lolunjika: "Galimoto ngati iyi yadutsa lero?" Mukangofunsa ngati msewu uli bwino, wa njinga yamoto adzavomera, chifukwa iyeyo amadutsa paliponse.