Tinalipirira wina, anatiimbira wina

Funso: Mwezi wathawu ine ndi akazi anga tinakaonera sewero la nyimbo pa holo ina mu Blantyre. Pa positala anaikapo woimba wotchuka kuti ndiye atenga mbali yaikulu. Tsikulo kunatulukira mtsikana wina, popanda wotiuza chilichonse. Mawu ake sankafika kumbuyo kumene tinakhala, ndipo nyimbo ina anangoiyatsa pa kompyuta iye n'kumagwedeza milomo. Itadukiza pakati, tonse tinazindikira. Anthu anayamba kukuwa kuti, "Ndalama zathu!" Kodi tinalakwa kudandaula?
Bambo wa ku Chilomoni

Yankho: Bambo, simunalakwe ayi. Koma mtsikanayo ndikumumvera chisoni kwambiri, chifukwa mlandu si wake.

Kusintha wosewera si chachilendo. Ku West End mu London ndi ku Broadway mu New York, madera otchuka pa zisudzo, sewero limodzi amalionetsa maulendo 8 pa sabata, ndiye aliyense wa mbali yaikulu amakhala ndi womulowera m'malo, understudy, amene anaphunzira kale mawu, nyimbo ndi kavinidwe konse. Munthu amadwala, mawu amasasa. Chimene amachita kumeneko ndi kulengeza sewero lisanayambe, kapena kuika kapepala mu pulogalamu. Ku Broadway, ngati dzina la katswiriyo linalembedwa pamwamba pa dzina la sewero, kawirikawiri amalola munthu kusintha tikiti kapena kubwezeredwa ndalama.

Inu sanakuuzeni, ndipo apa ndi pamene pakundiwawa. Magulu athu a zisudzo ndi aang'ono, osewera ambiri masana ali ku ntchito zina, ndalama zoyeserera n'zochepa, zonsezi ndikuzidziwa. Koma kuima pa siteji n'kunena kuti, "Pepani, uje sanabwere," sikufuna ndalama. Anagulitsa matikiti ndi nkhope ya wina, kenaka n'kumuponya mwana wa eni pamaso pa anthu okwiya, maikolofoni osaiyesa n'komwe. Za kugwedeza milomozo sindingaziikire kumbuyo: munthu amalipira kuti amve mawu akutuluka pakhosi pomwepo.

Sungani tikiti yanu ndi chithunzi cha positala ija. Alembereni okonza sewerowo mwaulemu, muwauze tsiku ndi zimene munaona, mupemphe kuti akubwezereni kapena akupatseni tikiti ya tsiku lina. Akakana, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe, bungwe la boma limene limamva madandaulo a ogula pa nkhani za kutsatsa malonda monyenga.