Mafunso a Owerenga: Ndiyambire Pati Popanga Dayorama ya Asilikali a Keyala ku Burma?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mphunzitsi wa ku Zomba, ndipo agogo anga aamuna, amene anatisiya ndili wamng'ono, anali msilikali wa Keyala amene anakamenya nkhondo ku Burma. Chimene tinatsala nacho ndi chithunzi chimodzi chofwifwa ndi mendulo ziwiri basi. Posachedwapa ndaona pa intaneti zimene akuti dayorama, pamene munthu amaimika tiasilikali ndi timagalimoto tapulasitiki pa kathabwa n'kupangapo nthaka, mitengo ndi matope mpaka malowo kuoneka ngati enieni. Ndikufuna kupanga yanga pokumbukira agogowo, yokula ngati tebulo, yokhala ndi akasinja atatu, ndege, mtsinje ndi asilikali 50. Mlamu wanga wa ku Johannesburg walonjeza kundigulira zofunika pobwera pa Khirisimasi. Sindinapangepo chinthu chotere, ndiye ndimuuze agule chiyani, ndipo ndiyambire pati?

YANKHO: Zikomo aphunzitsi, kalata yanu yandigwira mtima, ndipo ndikufunitsitsa kuti ntchito imeneyi muimalize. N'chifukwa chake ndiyamba ndi kukupemphani kuti tebulo lija muliiwale kaye. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu amene sanapenteko ndi kamsilikali kamodzi komwe akayamba ndi 50, kawirikawiri amatopera pa kachisanu, zotsalazo n'kumachita fumbi m'katoni. Chimene mlamu wanu akufunika kumva chidzadziwika mukayankha funso limodzi ili: kodi munthu akayang'ana pa thabwa lanulo, aone chiyani chikuchitika?

Yankho lake lili m'mbiri ya agogo anu omwewo. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitchula kuti Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo nsanja yokumbukira asilikali ake mumaiona kwanu ku Zombako. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Madagascar, kenako mu 1944 anapita ku Burma m'gulu lalikulu lotchedwa 11th East African Division. Kuyambira mu Ogasiti chaka chimenecho anatsika m'chigwa cha Kabaw, mvula ili pachimake, akulondola asilikali a Japan amene ankabwerera m'mbuyo, mpaka anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala. Chigwa chimenecho chinatchuka ndi malungo komanso matope. Asilikali ankayenda kwambiri wapansi, katundu ankanyamulidwa pa nyulu ndi pa majipi, ndipo zakudya zambiri zinkaponyedwa kuchokera m'ndege chifukwa misewu inali itasanduka phala. Choncho ndikanakhala ine, ndikanapanga jipi imodzi itatitimira m'matope, asilikali atatu akukankha, wachinayi ataima pambali ndi mfuti akuyang'ana kunkhalango. Aliyense amene anakankhako galimoto m'nyengo ya dzinja adzamva nkhani imeneyi popanda womufotokozera, ndipo ikugwirizana kwambiri ndi zimene asilikali athu anakumana nazo kuposa akasinja atatu owomberana.

Mukatero musankhe sikelo, ndipo musaisinthenso. Pa magalimoto ndi asilikali oyenda pansi yofala kwambiri ndi 1:35, imene inatchuka chifukwa cha kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, ku Japan. Tanthauzo lake n'lakuti sentimita imodzi pa thabwa ikuimira masentimita 35 a chinthu chenicheni. Munthu wamtali masentimita 175 amatalika masentimita 5, ndipo jipi ya Willys siifika bwinobwino masentimita 10. Palinso 1:72, imene anthu okonda ndege amaigwiritsa ntchito kwambiri, koma pamenepo msilikali amangotalika masentimita awiri ndi theka, moti kupenta nkhope yake n'kovuta kwa woyamba kumene. Inu tengani 1:35, ndipo muuze mlamu wanu kuti aone nambala imeneyi pa bokosi lililonse asanalipire, chifukwa msilikali wa sikelo ina akaima pafupi ndi jipi yanu adzaoneka ngati mwana kapena chimphona. Masamu omwewo akuthandizaninso kudziwa kukula kwa thabwa. Kathabwa ka masentimita 20 mbali ina ndi 25 mbali inayo kakuimira malo a mamita 7 ndi pafupifupi mamita 9, amene ndi okwanira jipi, anthu anayi ndi m'mphepete mwa nkhalango. Mtengo wotalika mamita 30 ungafune masentimita oposa 85, choncho musayese kupanga mitengo yathunthu. Thunthu limodzi lodulidwa, zitsamba ndi kaphata ka nsungwi n'zokwanira kuuza diso kuti kuseriko kuli nkhalango.

Pa asilikali enieniwo pali msampha umene muyenera kumuchenjeza wokugulirani. Mabokosi ambiri a asilikali a Britain amene amapezeka m'masitolo ndi a nkhondo ya m'chipululu cha kumpoto kwa Africa, ovala makabudula akhaki, kapena a ku Ulaya, ovala zochindikala za kozizira. Ku Burma mu 1944 yunifolomu inali yobiriwira, ya mathalauza aatali, ndipo ambiri ankavala chipewa chachikulu cha mlomo kuzungulira, mfuti zawo zili za mtundu wa Lee-Enfield ndi Bren. Yang'anani bwino chithunzi cha agogo anu chija, yerekezerani ndi zithunzi za Imperial War Museum ya ku London zimene zili pa intaneti, kenako mutumizire mlamu wanu chithunzi cha chimene mukufuna m'malo momufotokozera pakamwa. Chinanso n'chakuti nkhope za tiasilikali tambiri ndi za azungu. Pali timitu togulitsidwa padera ta nkhope za anthu akuda, ndipo ngati sitipezeka mukhoza kukonza mphuno ndi milomo ndi Milliput, chomatira chofewa ngati dongo chimene mumasakaniza mbali ziwiri n'kuuma pakapita maola ochepa. Popenta khungu musagwiritse ntchito penti wakuda bii, chifukwa palibe munthu wooneka choncho. Yambani ndi wofiirira woderako, kenako muwalitse pang'ono pamphumi, pamphuno ndi m'masaya ndi wofiirira wowala. Pamenepa musathamangepo, chifukwa nkhope zimenezi ndi zimene zidzachititse abale anu kunena kuti awa ndi anthu akwathu.

Motero zochokera ku Johannesburg n'zochepa: bokosi limodzi la jipi, limodzi la asilikali, guluu wa pulasitiki amene amasungunula pang'ono mbali ziwiri n'kuzilumikiza, Milliput, maburashi awiri osongoka ndi timabotolo tochepa ta penti wa akiriliki, wosungunulira ndi madzi, wobiriwira, wofiirira, wachikasu, woyera ndi wakuda. Zina zonse zili pakhomo panu pomwepo. Musanamate chilichonse, tsukani zidutswa zapulasitiki m'madzi a sopo kuti penti adzagwire, muzidule pa mafelemu ake ndi chowengera zikhadabo, ndipo musalaze podulapo ndi sandipepa wosalala.

Jipi ndi asilikali zikalumikizidwa, musanapente n'komwe, tengani katoni yofanana kukula ndi thabwa lanu, muziimikepo n'kumazisuntha kwa masiku awiri kapena atatu. Ambiri amadumpha zimenezi, komatu ndi pamene dayorama imakomera kapena kuipira. Jipi isaime molunjikana ndi m'mphepete mwa thabwa ngati yaimikidwa pachionetsero, koma ipingase pang'ono, mbali imodzi itapendekeka. Zazitali zikhale kumbuyo, zazifupi kutsogolo. Manja a okankhawo akhudzedi galimoto, ndipo maso a aliyense akhale ndi chimene akuyang'ana. Muzigwada n'kuyang'ana diso lili pafupi ndi tebulo, kapena jambulani ndi foni, chifukwa chithunzi chimaulula malo opanda kanthu amene diso linawazolowera.

Tsopano tifike pa nthaka, imene pa nkhani yanuyi ndi theka la ntchito yonse. Thabwa lanu muyambe mwalipaka vanishi mbali zonse, ndi kunsi komwe. Ine pa dayorama yanga yoyamba sindinachite zimenezi, ndipo m'mawa mwake ndinapeza thabwa litapindika ngati lichero chifukwa cha chinyontho, nthaka yonse itang'ambika pakati. Pamwamba pa thabwalo matani thovu loyera lija limene amatchinjirizira wailesi kapena firiji m'katoni, n'kulisema ndi lezala kuti pakhale mtunda kumbuyo ndi msewu wolowa pansi kutsogolo. Thovu limeneli muzimata ndi guluu woyera wa akalipentala yekha, chifukwa supa guluu ndi penti wopopera wa m'zitini amalidya mpaka kuchita maenje. Kenako likuteni ndi mapepala ofewa oviikidwa m'guluu woyera wosungunula ndi madzi, ndipo mudikire kuti aume.

Matope abwino amapangidwa ndi dothi lenileni. Tapani dothi louma, mulikazinge pang'ono mu chiwaya chakale kuti nkhungu ndi tizilombo tife, kenako mulisefe kawiri ndi sefa wa ufa amene amayi a pakhomo anasiya kugwiritsa ntchito. Kusefako n'kofunika chifukwa kamwala ka sentimita imodzi pa thabwa lanu ndi chimwala cha masentimita 35. Sakanizani dothilo ndi guluu woyera, madzi pang'ono ndi kadontho ka penti wofiirira mpaka zikhale ngati phala lolimbirako, muzipake mopyapyala, ndipo zisanaume mudindemo matayala a jipi ndi mapazi a asilikali. Mukulunge matayalawo ndi kapulasitiki kopyapyala kuti asamatirire. Galimoto yolemera siikhala pamwamba pa matope, imalowa, ndipo pakaoneka kampata pakati pa tayala ndi nthaka chinyengo chonse chimatha. Zikauma, pakani vanishi wonyezimira m'mikwasa ya matayala ndi m'zithaphwi kuti pazioneka ponyowa, koma pamtunda pasanyezimire. Udzu mungaupange ndi chingwe cha khonje chomasula, chodulidwa timitolo tosafanana kutalika n'kupentedwa, mizu youma ya zitsamba imakhala nthambi zabwino kwambiri, ndipo masamba a nsungwi mumawadula pa pepala lopentedwa kale. Pomaliza boolani kaphazi ka msilikali aliyense, mulowetsemo kawaya, n'kukazika m'nthaka kuti asamagwe.

Gawo lililonse lipatseni tsiku lathunthu louma, ndipo m'nyengo ya mvula masiku awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Popeza mlamu wanu abwera mu Disembala, miyezi imeneyi muigwiritse ntchito poyeserera nthaka, udzu ndi matope pa tizidutswa ta katoni, zimene sizifuna ndalama iliyonse, komanso pofunsa akuluakulu a m'banja mwanu zimene agogo ankasimba. Mwina mumva kanthu kakang'ono, monga mmene ankanyamulira chikho kapena mmene ankapindira chipewa, kamene kadzachititse kuti mmodzi mwa anayi aja akhale iwowo.

FUNSO: Ine ndinapanga kasinja wa Sherman wa 1:35 amene mwana wanga ananditumizira kuchokera ku Birmingham. Ndinamupenta wobiriwira monga mmene pepala la m'bokosi linanenera, koma akuoneka ngati choseweretsa cha ana. Ndalakwitsa pati? (Wowerenga wa ku Lilongwe)

YANKHO: Bambo, simunalakwitse, mwangolekezera panjira. Chinthu chachikulu chimakhala ndi mithunzi m'makona mwake ndi kuwala m'mphepete mwake, koma chikachepetsedwa maulendo 35 mithunziyo imasowa, ndiye muyenera kuibwezera ndi penti. Sungunulani penti wofiirira woderako mpaka akhale ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo muzimudonthezera ndi nsonga ya burashi m'mizere, kuzungulira mabawuti ndi m'mphepete mwa zitseko, kuti aziyenda yekha n'kukhazikika m'malo olowa. Akauma, tengani burashi yakale, muiviike mu wobiriwira wowalirapo, muipukute pa nsalu mpaka izioneka ngati mulibe kanthu, kenako muzisesa nayo mopepuka pamwamba pa zotumphuka zonse. Fumbi mulipeza popala choko cha mitundu pa sandipepa n'kuchipaka ndi burashi youma, chambiri kunsi ndi m'mawilo, chochepa kumtunda. Nsonga ya pensulo mukaikhuta pa zogwirira ndi pa unyolo woyendera, pamaoneka chitsulo chimene chaperepeseka ndi ntchito.

Koma dzimbiri musachulutse. Akasinja ambiri a pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse anali atsopano, ongotha miyezi kapena zaka zochepa, choncho ankada ndi fumbi, matope ndi mafuta koma sankadyeka ngati galimoto yotayidwa kuseri kwa galaja. Ngati mudzamuika pa dayorama, dothi la pa kasinjayo likhale lomwelo limene lili pansi pake. Mukamaliza mufunireni bokosi la galasi kapena la pulasitiki yoonekera, chifukwa fumbi la mu Okutobala ndi mphemvu, zimene zimakonda guluu woyera, zikhoza kuwononga ntchito ya miyezi itatu pa masabata ochepa.