Yankho kwa Azakhali za mwana wa ku kangaru uja

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko. Uthenga wanu ndaumva. Mukuti apongozi anu achira pa masabata 32 chifukwa BP inakwera, mwana walemera 1.6 kg, ndiye mukudabwa kuti bwanji amuchotsa m'kabokosi kagalasi kaja n'kumumangirira pachifuwa pa mayi ake, kodi malo atha kapena angomutaya. Ayi, sanamutaye. Akafika pomupititsa ku kangaru, komwe ndi kumumangirira pachifuwako, ndiye kuti anamwino aona kuti akupuma bwino payekha. Imeneyo ndi nkhani yabwino.

Mwana wobadwa masiku asanakwane chimamupha msanga ndi kuzizira. Alibe mafuta okwanira pansi pa khungu. Thupi lake liyenera kukhala lotentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo likatsika amawotcha shuga wam'thupi pofuna kudzitenthetsa, shuga akatsika amafooka, akafooka sayamwa, ndiye amangozizirabe. Chifuwa cha mayi chimatentha mofanana usana ndi usiku, magetsi athime asathime. Njirayi inayambira ku Colombia mu 1978, kuno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, si zongoyesera ayi.

Kamangidwe kake mumvetsetse, chifukwa nanunso mumunyamula. Mwana avale thewera, chipewa ndi masokosi basi, malaya ayi, khungu lake likhudzane ndi khungu la womunyamula. Aime chilili pakati pa mabere, mutu utembenukire mbali imodzi, chibwano chikwere pang'ono kuti khosi lisapindike n'kutseka mpweya, miyendo ikhale yopinda ngati chule. Chitenje chimangidwe zolimba, m'mphepete mwake mufike m'munsi mwa khutu la mwana, koma pamimba pasathine. Mayi pogona atsamire mapilo, asagone chagada. Akafuna kukasamba kapena kupita kuchimbudzi, mwana asagonekedwe pabedi, alowe pachifuwa panu kapena pa bambo ake. Inde, abambo amanyamula kangaru, asachite manyazi. Ndipo musamusambitse, kungomupukuta ndi kansalu kofunda.

Tsopano mkaka, apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Mwana wosafika masabata 34, kuwerengera pamene mimba inayambira, sanadziwe kuyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi, n'chifukwa chake mwaona kachubu kam'mphuno kaja, kamafika m'mimba. Mayi azifinya mkaka m'kapu yoyera, atasamba m'manja ndi sopo, maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Tsiku loyamba amayambira pafupifupi 60 ml pa kilo patsiku, ndiye kwa mwana wa 1.6 kg ndi 8 ml maola awiri aliwonse, kenako amakweza pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 20 ml. Mlingo weniweni ndi umene anamwino alemba papepala lake, musawonjezere poti mwamumvera chisoni. Akayamba kumwa m'kapu, musamuthire mkamwa, kapu ingokhudza mlomo wam'munsi iye azinyambita yekha, apo ayi atsamwa mkaka ulowe m'mapapo. Madzi ayi, tiyi ayi, mankhwala achikuda omwetsa kapena osambitsa ayi. Pamchombo musapake chilichonse kupatula chimene achipatala apereka.

Sikelo ikatsika sabata yoyamba musadzidzimuke, amatha kutaya mpaka 160 g. Kenako azikwera pafupifupi 25 g patsiku.

Zoti muthamangire kwa namwino osadikira adokotala abwere m'mawa ndi izi: akasiya kupuma kapena milomo yada, akamapuma mothamanga kupitirira 60 pa mphindi, nthiti zikamalowa mkati kapena akamabuula, mapazi akazizira ali pachifuwa pomwepo, mimba ikatupa, akamasanza zobiriwira, akangofooka osalandira mkaka. Ana oterewa amaiwala kupuma, ndiye mukaona wangoti zii, mutikiteni kumsana kapena kuphazi uku mukuitana. Kupuma kukavuta amamubwezera ku nazale n'kumuika pa makina a CPAP, aja botolo lake limabwata thovu, amathandiza kuti mapapo asafwafwanyike. Maso ndi khungu zikachita chikasu amamuika pa getsi la buluu atamuphimba m'maso. Padzuwa la m'mawa ayi, adzangozizira.

Mayinso musawaiwale chifukwa maso onse ali pa mwana. BP ya pakati siitha tsiku lochira, imatha kukweranso masiku oyambirira ndipo munthu angathe kukomoka ngati wakhunyu ngakhale atabereka kale. Mutu ukamawawa kwambiri, maso akamachita chidima, akamamva kupweteka pansi pa nthiti kumanja, nkhope ikatupa, auzeni anamwino nthawi yomweyo. Mapilitsi a BP asasiye okha poti akumva bwino.

Za kunyumba musawakakamize, Azakhali, ndikudziwa kumunda kwaima. Amatulutsa mwana akamamwa bwino, thupi likamatentha mokhazikika, sikelo ikamakwera masiku atatu otsatizana. Ndipo kunyumbako kangaru apitirire mpaka afike 2.5 kg kapena ayambe kukana yekha, tsiku lokayezetsa osaphonya, alendo a chimfine aonere patali. Mawa popita mutenge zitenje zinayi zochapa, tizipewa tiwiri, sopo ndi kapu yaing'ono, ndiye mundijambulire pepala la sikelo lija ndilione.