Zolanda mpeni za pa TikTok zija musazidalire achemwali

Achemwali mwafunsa ngati nkwabwino kuphunzira karate kuti muzitha kulanda munthu mpeni, poti mumatseka kashopu kanu ka Mpamba ndi Airtel Money kutada kenako mumayenda wapansi kuchoka pa boma pa Ntcheu ndalama zili mchikwama. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndasewera karate zaka zingapo ndipo pano ndimaphunzitsa anyamata ndi atsikana ku gilaundi Loweruka lililonse.

Tsiku lina tinachita kamayeso. Tinagula maka yolembera yofiira, aliyense anavala tisheti yoyera ya pakaunjika, mmodzi akhala wakuba maka ija ndi mpeni wake, winayo ayese zolanda zija timaona m'mavidiyo. Tinauza wakubayo kuti asamuchitire chifundo, azibaya mobwereza ngati mmene achifwamba amachitira. Masekondi 10 okha achemwali, tisheti iliyonse inali mizere yokhayokha, pamimba, m'nthiti, m'mikono, mpaka mnyamata wathu waluso kwambiri uja anali ndi mzere wautali pakhosi pomwe. Tinakhala pansi osayankhula. Pavidiyo paja wobayayo amatambasula mkono kamodzi nkuima kudikira kuti amupotokole, pomwe wakuba weniweni amakugwira jekete ndi dzanja lina kwinaku akubaya msangamsanga, ndipo nthawi zambiri mpeniwo suuona nkomwe, makamaka miyezi ya June ndi July yozizira ija aliyense wapisa manja m'matumba a jekete. Munthu akamayandikira usiku muziona manja ake, nkhope siibaya.

Ndipo munthu wa mpeni ndi wachangu kuposa mmene timaganizira. Mu 1983 wapolisi wina wa ku America, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu akhoza kuthamanga mamita pafupifupi 6 nkukufika mu sekondi imodzi ndi theka. Ndiye zoti ndidikire afike pafupi ndimuchite zakuti, iwalani.

Akafuna foni kapena chikwama mpatseni basi. Ponyani chikwamacho mbali ina inu muthawire mbali inayo komwe kuli magetsi ndi anthu mukukuwa kuti wakuba! wakuba! Gulani wezulo muzimangirira kumakiyi. Koma akakuuzani kuti tiyeni uku kuchimanga kapena kwerani njinga, apo musalole ngakhale pang'ono, komwe akukutengeraniko kulibe wokuthandizani, limbanani pomwepo ndi kukuwa. Ngati pothawira palibe ikani chinthu pakati pa inu ndi iye, benchi ya pashopu, ndowa, njinga, chikwama chomwecho. Akakufikani tchingani khosi ndi mikono, gwirani mkono wake wa mpeniwo ndi manja onse awiri osati mpeniwo, mukankheni muthawe, ndipo dziwani kuti mwina akuchekani ndithu koma bola pamkono kusiyana ndi pakhosi.

Ngati alibe chida apo maphunziro amathandizadi. Wakugwirani pamkono, potokolani dzanja lanu kulowera komwe kuli chala chake chachikulu, mpomwe pamamasuka. Wakukumbatirani kumbuyo, tsitsani thupi ngati mukukhala pansi, amavutika kukunyamulani, kenako chigongono m'nthiti. Osamenya chibakera pamutu mudzathyoka zala, menyani ndi chikhatho pamphuno kapena bondo pakati pa miyendo. Karate njabwino koma ine ndimati onjezerani nkhonya kapena judo, nkhonya imakuzoloweretsani kumenyedwa osauma thupi ndi mantha, judo imaphunzitsa kugwa osamenyetsa mutu pansi. Mphunzitsi amene akulonjeza kuti pakatha sabata ziwiri muzilanda mipeni mthaweni, akufuna ndalama zanu chabe.

Wina wakulangizani kuti muziyenda ndi mpeni wanu. Ayi achemwali, mpeni umenewo akakulandani ndi womwewo adzakubayeni nawo, komanso malamulo amalola kudziteteza ndi mphamvu yoyenerana ndi choopsacho, wakuba akathawa nkumuthamangitsa kukamubaya kapena kuitana anthu kumuotcha, mlandu wasanduka wanu.

Chinanso timaphunzira ku gilaundi ndi magazi. Anthu ambiri obayidwa amaganiza kuti angomenyedwa chibakera, ndiye mukapulumuka yang'anani thupi lonse pansi pa zovala. Pabala kanikizani mwamphamvu ndi chitenje osasiya, chikanyowa onjezani china pamwamba osachotsa choyambacho, mpeni ukatsalira mthupi osauzula, thamangirani ku chipatala cha boma pa Ntcheu, zakupolisi wachibale athandize.

Koma achemwali kunena zoona pa inu vuto lalikulu ndi loti anthu akudziwa nthawi yomwe mumatseka ndi njira yomwe mumadutsa. Ndalama zambiri kasiyeni ku banki masana, zotsalazo gawani, pang'ono mchikwama zina pathupi. Osawerenga ndalama pawindo anthu akuona. Pezani wakabaza mmodzi wodziwika pa siteji amene abale anu ali ndi nambala yake azikutengani pakhomo pa shopu, sinthasinthani nthawi, ndipo zomvera nyimbo m'makutu usiku siyani. Auzeninso a community policing a kwanuko kuti mumadutsa nthawi yanji.

Mukafuna kuyesa nokha bwerani Loweruka mmawa, ndilembereni ku inbox ndikuuzeni malo, sitilipiritsa. Mubwere ndi tisheti yoyera yoti simukuifunanso, maka ija siichoka pochapa.