Tambala wa kumsika wamaliza khola: ndiyambirenso pati?

Mayi wina wa ku Mponela wandilembera kalata. Akuti anagula tambala wamkulu bwino pamsika kuti asinthe mbewu ya nkhuku zake, ndipo sabata isanathe nkhuku zinayamba kuzyolika, kutsegula m'mimba zobiriwira, zina kupotoza khosi. Pa nkhuku zonse zatsala zitatu. Akufunsa ngati kuli bwino kusiya nkhuku zachikuda n'kuyamba za Mikolongwe, poti mwina izo n'zolimba.

Pepani mayi, koma mtundu wa nkhuku si umene walakwa apa. Zimene mwafotokozazo ndi chitopa, ena amati chideru, ndipo sichisankha kuti iyi ndi yachikuda kapena ya Mikolongwe. Chinalowa ndi tambalayo. Nkhuku ikatenga kachilombo ka chitopa imatha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, nthawi zina mpaka masabata awiri, ikuoneka yathanzi. Ndiye tangoganizani zimene zimachitika m'mudzi chitopa chikagwa: mwini nkhuku akaona ziwiri zafa, zotsalazo amamangirira panjinga m'mamawa kuthamangira nazo kumsika. Nkhuku yonenepa yotchipa modabwitsa m'miyezi yotentha, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, muziikayikira.

Chitopa chilibe mankhwala. Tsabola, phulusa, makapusozi a anthu osungunulira m'madzi akumwa, zonsezi anthu amayesa, ndipo nkhuku imodzi ikapulumuka amati mankhwala agwira. Inapulumuka yokha. Chimene chimathandiza ndi katemera, ndipo kuno kwathu tili ndi mwayi chifukwa katemera wa I-2 amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ku labotale yaikulu ya zaumoyo wa ziweto. Safuna jakisoni. Munthu mmodzi amagwira nkhuku, kuipendeketsa mutu, winayo n'kudontheza dontho limodzi m'diso, n'kudikira kuti nkhukuyo iphethire dontholo lilowe. Basi. Mwanapiye wa tsiku limodzi ndi tambala wokalamba amalandira dontho lofanana. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi inayi, n'chifukwa chake amaperekedwa katatu pachaka, kawirikawiri mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kuti wotemera wa m'mudzi mwanu ndani.

Pali ziwiri zimene anthu amalakwitsa. Choyamba, amakumbukira katemera nkhuku zitayamba kale kufa. Katemera amatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti ayambe kuteteza, ndiye mukatemera nkhuku zodwala kale zimafabe, kenako mudzi wonse n'kumati katemera ndi amene wapha. Chachiwiri ndi dzuwa. I-2 amapirira kutentha kuposa akatemera ena, komabe si woti n'kumayenda naye m'thumba la malaya masana onse. Wotemera wodziwa ntchito amakulunga kabotoloko m'kansalu konyowa n'kukaika m'kadengu pamthunzi.

Zitatu zatsalazo musazigulitse, musapatse mnansi. Zakufazo muzikwirire m'dzenje lakuya kapena muziotche, nthenga ndi matumbo omwe, chifukwa galu akakoka matumbo kupita nawo kuseri kwa nyumba ya mnzanu wapititsa matenda. Khola musese, zitosi mukwirire, zomwera ndi zodyera mutsuke ndi sopo n'kuziyanika padzuwa, ndipo padutse mwezi musanalowetsemo nkhuku ina.

Tsopano za mbewu. Maganizo anu osintha tambala anali abwino ndithu, chifukwa tambala akamakwera ana ake omwe anapiye amabadwa ofooka. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi khumi. Koma njira imene ine ndimaikonda ndi yogula mazira m'malo mwa nkhuku yamoyo. Pezani khomo limene amatemera nkhuku zawo, gulani mazira osapitirira sabata chiikireni, muwalembe ndi khala kuti musawasokoneze ndi atsopano, muikire thadzi lanu lomwe layamba kufungatira. Mazira khumi kapena khumi ndi awiri ndi okwana, ochuluka thadzi limalephera kuwafunditsa onse. Pakatha masiku 21 muli ndi magazi atsopano m'khola popanda mlendo wolowa ndi miyendo. Ngati mwagulabe yamoyo, kapena apongozi akupatsani ya mphatso, ikhale payokha kutali ndi zinzake masabata awiri, ndipo muziyamba kudyetsa zanu musanapite kwa mlendoyo.

Za Mikolongwe sindikukuletsani. Ndi nkhuku zakuda zija za mtundu wa Black Australorp, zinatchuka ndi dzina la famu ya boma ya ku Chiradzulu, ndipo zimakula thupi komanso kuikira mazira ambiri kuposa zathu. Koma sizikonda kufungatira, ndiponso zimafuna chakudya chokwanira, osati kungozitayira madeya pang'ono n'kuzisiya zikapale zokha. Mukataya mathadzi achikuda onse mudzasowa wokhalira mazira ndi wolera anapiye, wodziwa kulira kabawi akamazungulira kumwamba. Sungani mathadzi anuwo, Mikolongwe ibwere ngati tambala kapena mazira.

Anapiye akaswa, atsekereni masabata oyambirira pamalo ouma, muwapatse madeya osakaniza ndi usipa wosinja ndi madzi oyera m'kambale kosazama. Akaswa pakati pa miyezi ya katemera, musadikire gulu lonse la m'mudzi. Uzani wotemera abwere adzawadontheze.