Musagule masensa musanadziwe chimene chikudwalitsa mlatho wanu

Anzathu, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo ndikufuna kuliyankha mofatsa chifukwa likukhudza miyoyo ya anthu amene amadutsa pamlathopo tsiku ndi tsiku. Mwanena kuti mumayang'anira mlatho wa konkire wa zaka pafupifupi 40, wokhala ndi nsanamira ziwiri m'madzi, umene malole olemera amadutsapo. Mwanenanso kuti kunsi kwa mitanda mwaona ming'alu ndi mabala a dzimbiri, ndipo kampani ina yakulimbikitsani kugula masensa 20 opanda waya oyeza kugwedezeka, amene azitumiza zotsatira pafoni panu. Malangizo anga ndi akuti mudikire kaye, chifukwa sensa imayankha funso limodzi lokha limene inapangidwira, ndipo malinga ndi zimene mwafotokoza, palibe amene wafunsa kale kuti mlatho wanuwo ukanati ugwe, ungagwe chifukwa cha chiyani ndiponso kuyambira pati.

Choyamba pakufunika maso ndi manja a injiniya wodziwa za milatho, amene afike kunsi kwa mitandayo pafupi kwenikweni moti n'kuikhudza, agogode konkire ndi hamala kuti amve pamene pakulira ngati mkati mulibe kanthu, kenako alembe mng'alu uliwonse papulani, kutalika kwake, kukula kwake ndi kumene walowera. Kumene mng'alu walowera n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Ming'alu yaing'ono yoimirira imene imaoneka pakati pa mtanda imabwera chifukwa cha kupindika, ndipo mitanda ya konkire yokhala ndi zitsulo mkati imapangidwa podziwa kale kuti idzakhala nayo. Malamulo a ku Ulaya a kamangidwe ka konkire otchedwa Eurocode 2 amalola kuti m'malo ambiri ikule mpaka mamilimita 0.3. Mng'alu wopendekeka umene uli pafupi ndi pamene mtanda wakhalira pansanamira ndi nkhani ina, chifukwa umasonyeza mphamvu imene mainjiniya amaitcha shear, imene imafuna kudula mtanda mopingasa, ndipo mtanda wolephera mwa njira imeneyi ukhoza kuthyoka mwadzidzidzi osachenjeza. Mng'alu wotsata mzere wa chitsulo chamkati, makamaka wotuluka madzi ofiirira, nthawi zambiri umanena za dzimbiri.

Popeza mwatchula dzimbiri, ndikhalepo pang'ono. Konkire yatsopano imakhala ndi pH (muyezo umene umatsika asidi akamachuluka) ya pakati pa 12 ndi 13, ndipo zimenezi zimachititsa kuti pachitsulo papangike kakhungu kopyapyala kamene kamachiteteza. Zaka zikamapita, mpweya wa carbon dioxide umalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja n'kutsitsa pH imeneyi kufika cha pa 9, kapena mchere umalowa ndi madzi mpaka kufika pachitsulo, ndipo chitetezo chija chimatha. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuwirikiza kawiri kapena kuposa apo poyerekeza ndi chitsulo chimene ladya, choncho limakankha konkire kuchokera mkati mpaka kuisomphola. Kuti mudziwe pamene vutoli lafika, sipafunika sensa yokhala pamlatho chaka chonse. Injiniya amagumula kachidutswa kakang'ono n'kupoperapo mankhwala a phenolphthalein, amene amasanduka apinki pamene konkire ikadali yoteteza ndipo sasintha mtundu pamene mpweya uja wafika. Amathanso kuyenda pamtandawo ndi chipangizo cha half-cell, chimene chimayeza mphamvu ya magetsi pa zitsulo za mkati, ndipo malinga ndi muyezo wa ku America wotchedwa ASTM C876, pamene chipangizo chogwiritsa ntchito copper sulfate chawerenga kutsika kupitirira mamilivoti −350, mpata woti chitsulo chikudyeka pamalopo umaposa 90 pa 100 alionse. Ntchito ya masiku awiri kapena atatu ngati imeneyi idzakuuzani zambiri zokhudza mitanda yanu kuposa miyezi yambiri ya manambala a kugwedezeka.

Chifukwa chimene ndikukayikirira masensa amene akuuzaniwo n'chakuti kagwedezeke ka mlatho kamadalira kulimba kwa mlatho wonse pamodzi ndi kulemera kwake, ndipo sikasintha msanga pakawonongeka malo amodzi. Ngakhale mlatho wonse utataya kulimba kwake ndi 10 pa 100, liwiro la kugwedezeka kwake limangotsika ndi pafupifupi 5 pa 100, ndipo mng'alu umodzi kapena chitsulo chimodzi chodyeka chimasintha manambalawo pang'ono zedi kuposa pamenepo. Nyengo nayo imasintha manambala omwewo tsiku lililonse. Phunziro lodziwika bwino pankhaniyi linachokera ku Switzerland, pamlatho wa Z24, umene akatswiri anauyeza kwa pafupifupi chaka, kuyambira mu 1997 mpaka mu 1998, kenako n'kuuwononga dala pang'onopang'ono asanaugwetse kuti aone ngati zipangizo zizindikire. Anapeza kuti kusintha kobwera ndi nyengo, makamaka kukazizira kupitirira madigiri 0 pamene phula la pamwamba linkauma gwaa n'kulimbitsa mlathowo, kunkatha kuposa kusintha kobwera ndi zina mwa zimene anawononga. Masensa oyeza kugwedezeka ali ndi ntchito yake yabwino, monga kuyeza mmene zingwe za milatho ikuluikulu zakungikira kapena kuona mmene nyumba yagwedezekera pa chivomerezi, ndipo mlatho wa Tsing Ma ku Hong Kong, umene unatsegulidwa mu 1997, uli nawo pamodzi ndi zoyezera mphepo ndi kutentha. Koma mlatho waufupi wa konkire umene ukuonetsa kale zizindikiro za dzimbiri sufuna kuti muyambire pamenepo.

Nkhani ya kutenthayi muigwire bwino chifukwa idzakutsatani pa sensa iliyonse imene mungasankhe. Chitsulo chimafutukuka ndi pafupifupi magawo 12 pa miliyoni pa digiri iliyonse, ndipo konkire imafutukuka mofananako, cha pa magawo 10. Mtanda wachitsulo wa mamita 100 umatalika ndi mamilimita 36 kutentha kukakwera ndi madigiri 30, popanda galimoto iliyonse kudutsapo. Mng'alu nawo umatseguka ndi kutsekeka motsatira dzuwa, ndipo munthu amene wauyeza m'mawa lero ndi masana mawa akhoza kuchita mantha popanda chifukwa, kapenanso kukhazika mtima pansi pamene anayenera kuchita mantha. N'chifukwa chake sensa iliyonse iyenera kukhala ndi choyezera kutentha pambali pake, ndipo manambala a chaka choyamba, chimene chadutsa nyengo zonse, muziwatenga ngati ophunzirira khalidwe la mlathowo. Chimene mukufunafuna ndi mng'alu umene watseguka osabwereranso pamene unali nyengo yomweyo itafikanso.

Injiniya akatsimikiza kuti pali ming'alu iwiri kapena itatu yofunika kuilondalonda, ndingalimbikitse zoyezera ming'alu za mtundu wa vibrating wire. Mkati mwake muli waya wokungidwa ngati wa gitala, umene umalira mokweza akaukoka ndipo umalira motsitsa ukakhwefuka, ndiye chipangizo chimawerenga kaliridweko n'kukasandutsa muyezo. Ubwino wake ndi wakuti zimakhala zaka zambiri osasokonekera, sizivutika ndi mawaya ataliatali, ndipo zambiri zimabwera ndi choyezera kutentha mkati momwemo. Ma strain gauge, masensa opyapyala omata ndi guluu oyeza kutamuka kwa mtanda, amene Edward Simmons ndi Arthur Ruge anawatulukira mu 1938 aliyense payekha, ndi abwino poyeza kwa nthawi yochepa, mwachitsanzo tsiku limene mwaimika pamlathopo lole imene mwaiyeza kale kulemera kwake kuti muone mmene mitanda ikugawanirana katundu, koma chinyezi chimawasokoneza akakhalitsa panja. Masensa a fiber Bragg grating, amene amayeza pogwiritsa ntchito kuwala m'kachingwe kagalasi, amalola kuti muike malo oyezera ambiri pachingwe chimodzi ndipo sasokonezedwa ndi magetsi, koma makina owerengera ake ndi ovuta kusamalira moti pa malo atatu okha sindikuona chifukwa chowasankhira.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'funso lanu ndi chimene mwangochitchula podutsa, nsanamira ziwiri zija zimene zili m'madzi. Madzi osefukira akamazungulira nsanamira amakumba dothi la pansi pa maziko, ndipo akamaphwera, dzenjelo limakwiririka ndi mchenga wosagwirana, moti munthu wobwera kudzaona nyengo yadzuwa amapeza zonse zikuoneka bwino. Ku United States, kukokoloka kotereku n'kumene kwagwetsa milatho yambiri kuposa chifukwa china chilichonse, ndipo mlatho wa pamtsinje wa Schoharie Creek ku New York unagwa mwa njira imeneyi pa 5 Epulo 1987, n'kupha anthu 10. Ngati ndalama zimene muli nazo zikukwanira zinthu zochepa, ndingayambe ndi choyezera kupendekeka pamutu pa nsanamira iliyonse, choyezera kukwera kwa madzi, komanso kuyeza kuya kwa mtsinje mozungulira nsanamirazo mvula isanayambe ndiponso madzi akangosefukira. Fufuzaninso mapulani akale kuti mudziwe ngati mazikowo anafika pathanthwe kapena anangokhazikidwa padothi, chifukwa yankho lake ndi limene lidzakuuzani kuti madzi akafika pati mlathowo uyenera kutsekedwa.

Muzikumbukiranso kuti sensa imayamba kuwerenga pa ziro tsiku limene mwaiika, ndipo siidziwa katundu amene mtanda wakhala ukusenza kwa zaka 40 zapitazo. Mlatho wa I-35W ku Minneapolis, m'dziko la United States, utagwa pa 1 Ogasiti 2007 n'kupha anthu 13, ofufuza anapeza kuti mapuleti ena achitsulo olumikiza mitanda anali opyapyala kuyambira pa mapulani oyambirira, kuti mlathowo unkawonjezeredwa kulemera pokonza msewu wa pamwamba, ndiponso kuti tsikulo panali pataunjikidwa zomangira. Vuto ngati limenelo limapezeka munthu akakhala pansi n'kuwerengetsanso masamu a mlathowo. Ku Genoa, m'dziko la Italy, nakonso, kumene mlatho wa Morandi unagwa pa 14 Ogasiti 2018 n'kupha anthu 43, zingwe zachitsulo zinali zitadyeka ndi dzimbiri mkati mwa konkire imene inazikuta. Choncho mupemphe injiniyayo kuti awerengetsenso mphamvu za mlatho wanu poganizira zitsulo zimene zatsala lero komanso kulemera kwa malole amene akudutsapo masiku ano, amene mwina ndi olemera kuposa amene omanga ankawaganizira.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ogulitsa zipangizo sachitchula kawirikawiri, chomwe ndi munthu amene adzachitepo kanthu manambala akasintha. Pa 15 Malichi 2018, mlatho wa anthu oyenda pansi umene unkamangidwa pa Florida International University ku Miami unagwera pamsewu n'kupha anthu 6. Ming'alu ikuluikulu inali itaoneka ndi kujambulidwa masiku angapo m'mbuyomo, ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo panachitika msonkhano wokambirana za ming'aluyo, komabe msewu wa pansi sunatsekedwe. Chidziwitso chinalipo chokwanira, ndipo chimene chinasowa ndi chigamulo. Ku London zinayenda mwina pamlatho wakale wa Hammersmith, umene unatsekedwa kwa magalimoto mu Epulo 2019 atapeza ming'alu pa mapazi achitsulo ochirikiza matcheni ake. Akuluakulu anaika zipangizo zolondalonda pamalo enieni amene ankadziwa kuti ndi ofooka, ndipo mu Ogasiti 2020, kutatentha kwambiri n'kuoneka kuti mng'alu wakula, anautsekanso kwa oyenda pansi ndi apanjinga. Inunso, musanalipire kalikonse, mulembe papepala limodzi ndi injiniya wanu miyezo iwiri pa sensa iliyonse: umene ukafika munthu apite akaone, ndi umene ukafika malole aletsedwe kapena mlatho utsekedwe. Papepalapo palembedwenso udindo wa munthu amene ali ndi mphamvu zotseka, ngakhale utakhala usiku wa Loweruka mvula ikugwa, ndi wa wina womulowa m'malo akasowa.

Mukadzafika pokambirana ndi ogulitsa, muwafunse ngati manambala onse osakonzedwa adzakhala anu, moti mutha kuwatenga n'kupatsa injiniya wina aliyense ngakhale mgwirizano utatha. Muwafunse kuti mabatire amakhala nthawi yaitali bwanji pa kawerengedwe kamene inuyo mukufuna, chifukwa kuyeza mng'alu kamodzi pa ola ndi ntchito yopepuka imene njira yotumizira manambala popanda waya ngati LoRaWAN imaikwanitsa bwino, pamene kuyeza kugwedezeka maulendo 100 kapena 200 pa sekondi kumadya moto wambiri ndipo kumafuna njira yotumizira yamphamvu. Mufunsenso za chitetezo ku mphenzi, za chikalata chosonyeza kuti sensa iliyonse inayesedwa kulondola kwake, ndiponso ngati mudzachenjezedwa sensa ikangosiya kutumiza, popeza sensa yakufa ndi mlatho wabwinobwino zimaoneka chimodzimodzi pafoni, zonse zili chete.

Pamene mukudikira injiniya, sabata ino yomwe matani timapulasitiki toyezera ming'alu, tija tiwiri tosanjikizana tokhala ndi mizere ya mamilimita, pa ming'alu ikuluikulu imene mungathe kuifikira bwinobwino. Muziwerenga nthawi yofanana m'mawa kamodzi pa sabata, n'kulemba deti ndi kutentha kwa tsikulo, komanso kujambula chithunzi muli malo amodzimodzi. Ngati mwa ming'alu imene mwaonayo muli wopendekeka pafupi ndi nsanamira, kapena konkire yayamba kusomphoka mpaka zitsulo kuonekera, chepetsani kulemera kwa malole odutsapo kuyambira lero ndipo injiniyayo abwere m'masiku ochepa, musadikire kuti za masensa zithe kukambidwa.